Gwape Wovina ndi Amisiri Awiri

Padangokhala Gwape, kalelo nyama zisanadziwe njira ya kuchipatala. Tili tonse, eti?

Gwapeyu anali katswiri wa mganda. Tsiku lina akudumpha ngalande, anangomva kuti thapu! Mtsempha wa kuchidendene waduka, chonsecho ukwati wa mlongo wake unali pafupi.

Chiswe anafika msanga, namata bala lonse ndi dothi, ululu n'kuchepa. Kenaka kunatulukira Kangaude, ulusi uli m'manja.

"Mwaigwira ntchito, achimwene," anatero Kangaude. "Tsopano tasunthani ndilukemo ulusi motsata mwendo, kuti uzitha kupindika."

"Ndisunthe ine?" anakalipa Chiswe. "Munali kuti magazi akuchucha? Mwendo uno ndi wanga!"

Gwape anayang'ana kaulusi kaja, kowonda ngati tsitsi. Atamva zoti kulukako kufuna kudekha, anapukusa mutu.

"Pepani a Kangaude, ine ndili pachangu. A Chiswe, pitirizani."

Chiswe anamata, namatanso pamwamba pake, kuti aliyense wodutsa aone ntchito yake.

Tsiku la ukwati ng'oma zitalira, Gwape analowa m'bwalo monyadira. Anati adumphe, mwendo unakana kupindika, dothi lija litauma gwa. Unangogunda pansi kuti di! di! ngati munsi, fumbi kuti koboo.

Amayi ophika anasiya nthungululu, nayang'anizana.

"Alamu, tabwerani kuseri kuno," anatero mmodzi kwa Gwape. "Chimanga cha alendo sichinakonoledwe."

Anzake anavina mpaka dzuwa kupendeka, Gwape mwendo uli mumtondo, Chiswe ali pambali kuuza aliyense kuti munsi umenewo anaumba ndi iye.