Munda wa Joaquim pa Kaseti

Kaseti inali ikuzungulira pampando, ndipo Julião anali atayamba kukomedwa ndi mawu ake omwe.

Panali patatha zaka zitatu chibwerereni anthu a ku Majaua kuchokera kumisasa ya othawa nkhondo ku Malawi, koma alendo onyamula mabuku anali asanaleke kubwera. Ena ankawerenga zitsime, ena ankayeza mikono ya ana. Wa ulendo uno anali mtsikana wamagalasi, dzina lake Elisa, wolankhula Chinyanja cha kutsidya kwa Ruo. Anati akuchita digiri yachiwiri kuyunivesite, ya njira zofufuzira moyo ndi chikhalidwe cha anthu. Funso lake linali la minda: nkhondo itatha, obwerera anagawana bwanji malo?

Tsiku loyamba Elisa anamuwerengera Julião pepala lonena kuti dzina lake lidzasinthidwa m'buku, ndipo kasetiyo sidzamveka kwa regulo, mfumu ya deralo, kapena kuboma. Julião anadinda chala, uku akuseka chamumtima. Anthu ophunzira! Amayamba akupepesa kaye, kenako n'kudzimanga okha ndi malonjezo. Tsiku limenelo anampatsa nkhani yomwe ankapatsa mlendo aliyense: anthu anabwerera, analira, anagawana minda mwachibale.

Koma mtsikanayu sanachoke. Anakhala masabata awiri akuzula nyemba ndi amayi, akusenda chinangwa, akukhala kumbuyo kutchalitchi n'kumalemba m'kope. Anati kukhala pakati pa anthu ndi mbali ina ya maphunziro akewo. Sankatsutsa munthu. Ukanena bodza ankagwedeza mutu, ukanena zoona ankagwedezanso mutu, n'kufunsa kuti, “Kenako?”

Ndiye chimene chinamugwetsa Julião. Nzeru imene unachita wekha popanda wokuyamikira imayabwa pakhosi, ndipo iye yake inali itamuyabwa zaka zitatu. Apa panali munthu wachilendo, womangidwa pakamwa, wopita kwawo Lolemba.

“Dotora, zija ndinanena poyamba zija n'za alendo,” anatero Julião, amene ankatcha dotora munthu aliyense wophunzira. “Mukufuna kudziwa mmene munda umapezekera?”

“Ngati mwafuna kunena, abambo.”

Julião analoza ndi chibwano kumtsinje, kumene nthochi zinali bii. Munda umenewo unali wa Joaquim, mnansi wake wakale. Julião anabwerera msanga, malole a othawa kwawo asanayambe kutula anthu pamalire a Milange. Anapeza tchire lokhalokha. Anazula khonje wa m'malire n'kukamubzala kutsidya kwa dimba. Kenako anapita kwa regulo ndi mboni ziwiri, n'kunena kuti Joaquim, ali pa mphasa ya imfa kumsasa, anamusiyira mundawo ndi pakamwa pake.

“Anakusiyiranidi?” anafunsa Elisa.

Julião anaseka mpaka kutsokomola. “Ine sindinafikeko n'komwe kumaliro ake! Ndinangomva pamsika pa Muloza kuti watisiya. Mbonizo zinaona zonse m'botolo la kachasu.”

“Nanga akazi awo?”

“Zefa? Anamira ku Malawi ndi kamwana kake kakakazi. Mwina anakwatiwako. Ngakhale atatulukira lero, mawu a mayi mmodzi angagwetse amuna atatu?”

Elisa anagwedeza mutu monga mwa masiku onse. Anafunsa dzina la mboni yoyamba, ndi la yachiwiri, ndi chaka, ndi pamene khonje anali poyamba. Julião anayankha zonse mosabisa, mpaka anadzuka n'kujambula malire akalewo pansi ndi ndodo, kuti dotora asalakwitse m'buku. Anamumvera chisoni pang'ono mtsikanayo. Sukulu yonse ija, zaka zonse zija, kungophunzira kumvetsera madoda akudzitama!

Kaseti inati kha, kutha. Elisa anaitulutsa, analembapo nambala m'malo mwa dzina, naiika m'chikwama. Anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali ndi nsonga ya chitenje. 

“Mwapeza zokwanira, dotora? Aphunzitsi anu akondwa?”

“Akondwa, abambo. Ndipo kasetiyi sindipatsa munthu, monga ndinalonjezera.”

“Ndikudziwa,” anatero Julião, akudziwongola. “Lolemba muyende bwino. Mukawauze kwanuko kuti ku Majaua kuli anthu anzeru.”

“Lolemba sindipita,” anatero Elisa. “Ndikudikira amayi anga, a Zefa. Akufika Loweruka pa shapa, minibasi ija ya ku Milange, kudzalima munda wa malemu bambo.”