Rula ya Aphunzitsi

Sutikesi inali kale pakhomo pamene Aphunzitsi anagogoda tebulo ndi rula. Mzime anasiya mbale zili m'madzi, napukuta manja pa siketi, n'kukhala pampando wake wa masiku onse, moyang'anana ndi bambo ake.

Bambowo anapuma ntchito kalekale, koma dzina la Aphunzitsi linawakanirira, moti ngakhale ana awo ankawatchula choncho. Chingerezi ndiye unali munda wawo. Ena mwa amene anadutsa m'manja mwawo lero ndi anthu a mimba zawo ndi magalimoto awo, koma akangomva kulira kwa rula amakhalabe tsonga. Sukulu itawatsanzika, kalasi inangosamukira patebulo lodyera, ndipo mwana wasukulu anatsala mmodzi yekha. Ameneyo anali Mzime, mayi wamkulu ndithu, imvi zikusuzumira kale, wosagwira ntchito, wokhalabe pakhomo pa makolo.

Achimwene ake anali atalankhula dzulo lake, ndipo sanazungulire. Anati atopa nazo nkhani zomvera pafoni. Abwera okha, akhala pakona, amvetsera phunziro lonse ndi makutu awo. Likayenda bwino, sutikesi ibwerera pamwamba pa wodulopu. Likapanda kutero, ikwera galimoto, ndipo bambo ndi mwana sadzagonanso pansi pa denga limodzi. Mzime anachonderera mpaka mawu anasasa, koma mkuluyo akanena wanena. Tsopano anali pakonapo, akuzunguza makiyi a galimoto pachala.

Phunziro la m'mawawo linali lija Aphunzitsi ankalikonda kuposa onse, la mawu a ntchito. Iwo ankati Mngerezi ndi munthu wosowa chochita. Ife timangoti ntchito basi, koma iye anaitenga n'kuiduladula ngati nyama ya pabutchala, nthuli iliyonse dzina lake.

Anayamba ndi errand. Mzime anayankha kuti ndi ntchito yotumidwa, monga kuthamangira kugolosale kukagula sopo n'kubwerako. Mutu wa Aphunzitsi unagwedera. Nanga chore? Tintchito tapakhomo tosatha, kusesa, kuchapa, kutsuka mbale, tija munthu sakuthokoza nato. Nanga task? Ntchito imodzi yopatsidwa, yokhala ndi poyambira ndi pothera. Aphunzitsi anang'ung'udza chapakhosi, komwe kwa iwo kunali kuyamikira kwakukulu.

Mzime ankadziwa zomwe zinatsala. Mawu awiri omalizawo ndiwo anatupitsa zikhatho za ana ambiri. Job ndi ya malipiro, ukatopa nayo umatsanzika n'kunyamula jekete lako. Duty ndi udindo, ulipidwe usalipidwe, suithawa. Aphunzitsi anaiimba nyimbo imeneyi m'nyumbamo mpaka malemu akazi awo, amene m'kalasi ya Chingerezi sanapondemo, ankaibwereza akusita malaya. Kusokoneza mawu awiriwa pamaso pawo kunali kuputa mavu pachisa. Mwezi watha, pa funso lomweli, rula inatera patebulo mpaka kapu ya tiyi inagubuduka, ndipo aneba onse anamva kuti m'nyumbamo muli mbuli yotheratu.

"Duty," anatero Aphunzitsi, akumuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Tatiuza, Mzime."

Mzime anayang'ana rula, anayang'ana sutikesi, anayang'ana achimwene ake. Mantha ngati amenewa sanawamvepo, ngakhale ali kamtsikana ka yunifolomu. Kenaka mawu anatuluka chadodolido.

"Duty ndi ntchito ya malipiro, Aphunzitsi. Ukatopa nayo umaisiya. Yosathawika ija ndi job."

Makiyi anasiya kulira pakona paja. Rula inanyamuka pang'onopang'ono. Mzime anatambasula chikhatho patebulo monga anazolowera kuyambira ali mwana, natsinzina. Chamumtima ankangobwereza kuti chonde Ambuye, chonde, poti pemphero lalitali linali litamuthawa.

Rula inakhala m'malere nthawi yaitali. Aphunzitsi anaiyang'ana, anayang'ana chikhatho chija, kenaka anaigoneka bwinobwino pambali pa kapu. Nkhope yawo inamasuka, n'kutulutsa kumwetulira komwe ana asukulu ambiri anamaliza maphunziro osakuona.

"Wakhoza, mwana wanga. Wakhoza zedi."

Achimwene anaimirira osayang'ana munthu, n'kukanyamula sutikesi ija. Mzime anagwetsa mutu patebulo nalira mosadzigwira, bambo ake akumusisita paphewa, akudabwa kuti mwana wokhoza akuliriranji.

Chisiyireni ntchito yake ya mu ofesi kuti adzasamale bambo ake, Mzime ankalakwitsa dala yankho limeneli m'mawa uliwonse, monga adokotala anamulangizira, ndipo rula ikalira ankadziwa kuti mutu wa Aphunzitsi ukadalipo. Sabata yonseyi sinalire. M'sutikesimo munali zovala za Aphunzitsi, zopita nazo kuchipatala.