Sipika Yakumanzere

Wogulitsa atangotsitsa singano pachimbale m'galamafoni yachiwiri, mayi anadziwa kuti china chake chalakwika. Sipika yakumanzere inali zii. Nyimbo yonse inkatulukira mbali imodzi.

Amuna awo anali atatsinzina pampando wapakati m'sitolomo, chala chikuvina pabondo. Moyo wawo wonse ankanyadira khutu lawo. Ankatha kuzimitsa wailesi ya eni ake chifukwa choti gitala yaphonya pang'ono.

"Eyaa, iyi ndiye galamafoni!" anatero bambowo. "Yoyamba ija ndi yapamwamba ndithu, koma mawu ake ndi ouma. Iyi ikuchita kupuma. Mukumva mmene yadzazira chipinda chonse?"

Wogulitsa uja anasuzumira kuseri kwa tebulo. Chingwe chakumanzere chinkalendewera. Anali atachizula yekha posintha makinawo. Anatambasula dzanja, koma mayi anapukusa mutu pang'onopang'ono. Dzanjalo linabwerera.

Mayi anasendera kumanzere kwa amuna awo, pakamwa pafupi ndi khutu.

"Bambo a ana, tiyeni tizipita kunyumba."

Anadikira. Anabwerezanso, mokwezako.

Chala chija chinkangovinabe pabondo.