Nyimbo za Bambo Zikudukaduka

Nyimbo yadukanso pakati. Zii. Kenako yabwerera ngati palibe chachitika.

Chikwama chili kumsana, basi yanga yatsala pang'ono kunyamuka, koma ine ndagwada kuseri kwa kompyuta ya malemu bambo. Waya ndasintha. Fumbi ndapukuta. Masipika ali bwinobwino.

"Amayi, pulogalamuyi yatopa. Munaitsekako liti?"

"Kutseka? Amene anaitsegula ndi abambo ako. Nyimbozo anazindandalika okha."

Ndiye kuti chimwalirireni bambo, nyimbozi zikungozungulira osapuma. Ndadina posungira mndandanda wake. Sipakuyankha. Ndadinanso mwaukali. Ayi ndithu.

"Mankhwala ake ndi amodzi, amayi. Tiitseke n'kuitsegulanso. Koma mndandanda wa bambo usowa."

"Ndiye ikonze osatseka. Si iwe woyendayenda, wodziwa zonse?"

"Amayi inu! Munthu angakonze bwanji galimoto ikuyenda?"

Ndagwira mausi, chala chili chire. Nyimbo yadukanso.

Amayi akupinda zovala, sakundiyang'ana n'komwe. Angoyimba okha mawu osowawo. Nyimbo pobwerera yawapeza pomwepo, osaphonya.

Ndachotsa dzanja pamausi.

"Thamanga iwe," atero amayi. "Basi ikusiya."