Kabotolo ka Telala

Tandiuzeni inu odziwa kuwerenga: kanthu koyera, kochepa ngati diso la nsomba, kopanda pakamwa, koma kolongolotsa nyumba yonse. N'chiyani? Musatuluke nazo thukuta. Ndi kam'bulu ka mankhwala a nkhawa, ndipo ndi kamene kanali m'mutu mwa Telala m'mawa umenewo, atakhala pa benchi ya kusikelo.

Ankamutchula Telala chifukwa ankasoka zovala. Koma masiku amenewo ulusi sunkalowanso pa singano. Manja ankanjenjemera. Mtima unkagunda ngati wathamangitsidwa ndi galu, chikhalirecho ali pampando. Mimba inkakula, mwini wake akutha.

Nkhawayo inayamba mwana wake woyamba atamwalira asanapatsidwe n'dzina lomwe. Tizovala timene anamusokera tinali tidakali m'sutikesi. Adokotala anamupatsa mankhwala, moyo n'kubwererako. Ataimanso, anathamangira kukafunsa. Adokotala anamuuza kuti mankhwala ena a nkhawa amasinthidwa mayi akakhala woyembekezera, ena amapitirizidwa. Akewo apitirize, azimuona pafupipafupi. Anamuletsa chinthu chimodzi: kusiya payekha, mwadzidzidzi.

Koma adokotala sagona m'nyumba mwa munthu. M'nyumba munali apongozi.

Tsiku limene Telala anabwera ndi kabotolo katsopano, kodzaza mpaka kukhosi, apongoziwo anatambasula dzanja. Mwamuna wake, dalaivala wa lole, anali kutali ndi katundu wa eni ake.

"Woyamba tinaika m'manda," anatero apongoziwo. "Mukufuna tikaikenso wachiwiri?"

Telala anapereka kabotoloko ndi manja awiri. Madzulo ake apongoziwo anamuuza kuti anali atakaponya m'chimbudzi.

Lero apongoziwo anali pambali pake pa benchipo, atakumbatira chikwama ngati muli mazira. Pakati pa kuyasamula ndi kuyasamula ankalalikira amayi oyembekezera, opanda wowapempha.

"Ine ana anga onse ndinabereka opanda kam'bulu ngakhale kamodzi. Nkhawa n'za atsikana a masiku ano. Mdzukulu wanga uja atatisiya, anamusambitsa ndani? Ndine. Anamukulunga ndani? Ndine. Msozi munauona? Mtima wanga ndi mwala."

Bodza panalibe. Telala sanawaonepo akulira. Chimene ankaona n'chakuti chichitikire malirowo ankadzuka kusanache, kusesa posesa kale, kutsuka mbale zoyera kale. Koma posachedwapa tsache linapuma. Ankagona mpaka dzuwa kuwapeza pabedi, mkonono ngati chigayo. Telala ankawamvera mkononowo ali maso gwa, n'kumawasirira. Ena anabadwa olimba, ankadziuza. Iye yekha ndiye anaumbidwa ndi dothi losapsa.

Namwino anamuitana. Sikelo inali pomwepo, pamaso pa benchi yonse. Telala anakwerapo. Namwino anayang'ana muvi, anayang'ana nkhope, anayang'ananso muvi.

"Mayi, mukudya?"

"Pang'ono."

"Tulo?"

Telala anapukusa mutu.

"Mankhwala aja mukumwa?"

Anayang'ana zala za kumapazi. Anayankha ndi apongozi, chifuwa patsogolo.

"Anasiya. Ndinamusiyitsa ndine. Mankhwalawo ali m'chimbudzi, kumene kuli koyenera."

Namwino sanakalipe. Anangoika cholembera pansi.

"Agogo, mwanayu amadya kwa mayi ake, amapuma kwa mayi ake. Mayi akapanda kudya, akapanda kugona, mwana nayenso zimamukhudza. Mantha anuwo mukanabwera nawo kuno, tikanakambirana. Mankhwala otere sasiyidwa ngati kuvula nsapato. Lero sachoka asanaonane ndi adokotala."

"Mantha? Ine?" Apongozi anaseka, n'kuyang'ana benchi kuti iwathandize kuseka. Benchi inakana.

Telala anamva mawu amodzi okha: mwana nayenso zimamukhudza. Ndiye kuti akamwa akupha, akasiya akuphanso? Masabata onsewa ankapirira kunjenjemera, akudziuza kuti akuvutikira mwana. Anaona sutikesi ija, tizovala topindidwa bwino, tikudikira kachiwiri munthu amene mwina sadzativala. Chifuwa chinamangika. Mpweya unakana kulowa. Makoma anayandikira. Anatsetsereka n'kukhala pansi pafupi ndi sikelo, dzanja lili pamimba, thukuta likuyenderera m'khosi.

Apongozi anagwada msanga kuposa mmene maondo awo amalolera. Mawu a ulaliki aja anasowa, kunatuluka ena aang'ono, amene Telala anali asanawamvepo.

"Mwananga, pumani. Pang'onopang'ono. Zimabwera chonchi, kenako zimapita. Ndikudziwa. Yang'anani ine."

Anatsegula chikwama chija mwaphuma, n'kusolola mpango woti amupukutire kumaso. Mpangowo sunatuluke wokha. Kanthu kanagwa pa simenti, kanagubuduka kudutsa mapazi a amayi onse, n'kukaima pa nsapato ya namwino.

Namwino anakatola. Panali dzina la Telala. Anakakhutchumula pafupi ndi khutu: m'kabotolo kamene kanaperekedwa kodzaza munkalira timibulu totsalira pansi.

"Chimbudzi chanu n'chapamwamba, agogo," anatero mayi wina kumapeto kwa benchi. "Chili ndi zipi."

Benchi yonse inafa nacho chiseko. Telala yekha sanaseke. Ankayang'ana dzanja logwira mpango lija, likunjenjemera ngati lake.