Shuga wa Bassou anabwerera m'buti

Panali munthu wina kwathu kuno kumapiri a Atlas, dzina lake Bassou. Amene analipo tsikulo mpaka lero akaikumbuka nkhaniyi amapukusa mitu.

Bassou anakhalitsa mumzinda wa Casablanca, ndipo anabwerako ndi chigalimoto chakuda cha mipando yachikopa yoyera mbee. Chomwe anabwerera chinali chimodzi: kudzafunsira Itto, mwana wa a Haddou a kumudzi wa pamwamba pa phiri. Mtsikanayo anali atalola kale. Kunangotsala kuti akuchimuna afike Lachisanu ndi mitu ya shuga, uja woumbidwa ngati tizulu, monga mwa mwambo. Shuga akalandiridwa, ukwati ulipo. Akabwezedwa, basi zathera pomwepo.

Lachisanulo kunacha kutagwa chipale chofewa, msewu utauma gwa ndi madzi oundana. Ife akuno zimenezi sitiziopa, tinabadwira momwemo. Aliyense amadziwa kuti tigalimoto tokoka ndi matayala akutsogolo timakwera bwino chifukwa injini imawapsinjira pansi. Zokoka ndi matayala onse zimakwera mwamatama, koma potsika zimaterereka ngati zinzake. Zokankha ndi matayala akumbuyo, ngati ya Bassou, zimafuna cholemera kumbuyoko. N'chifukwa chake kwathu chipale chikagwa, galimoto siidutsa munthu woyenda pansi. Iwe umamunyamula, iye n'kukukweza phiri ndi thupi lake.

Amalume ake a Bassou, a Assou, anamuuza kuti ankhoswe onse akhale kumbuyo, shuga alowe m'buti, awonjezerenso thumba la mchenga. Bassou anayang'ana mikanjo yawo yaubweya yonyowa ija, n'kuyang'ananso mipando yake. Anati galimoto yake ili ndi kompyuta yodziwa chipale kuposa munthu, choncho akuluakuluwo akwere kagalimoto ka msuweni wake. Ndi shuga yemwe anati apite ndi iwowo, angamwazike m'buti.

"Mphwanga, phiri silifunsa kuti galimoto unagula kuti," anatero a Assou. Iye anangoseka.

Kagalimoto ka msuweni kanatsogola, kali phamphu ndi madoda, n'kukwera popanda vuto. Bassou ananyamuka pambuyo yekhayekha, akununkhira perefyumu.

Panjira anapeza amayi ochokera kumsika atasenza matumba a ufa ndi mbatata, wina akukoka nkhosa. Amayiwo anakweza manja kuti aime. Mkuluyo anangowadutsa, n'kuwawaza matope osakanikirana ndi chipale. Nkhope zawo sanaziyang'ane n'komwe.

Atafika pakhona ya pamtunda waukulu, galimoto inayamba kungolira osasuntha. Iye n'kuwonjezera moto. Matayala akumbuyo anangozungulira pamodzimodzi, kenako matako a galimoto anayamba kudziyendera okha cham'mbali mpaka kukaima m'mphepete mwa phompho. Kompyuta yotchuka ija inangoyatsa timagetsi. Foni, netiweki kunalibe. Bassou anangoti chiwongolero gwi, thukuta lili kamukamu m'chisanu chonsecho, akudziwa kuti kumtunda akudikira iyeyo.

Amayi aja anamupeza pomwepo. Akanakhala ena akanamudutsa, ndipo palibe akanawadzudzula. Koma amayi akwathu, ine ndimawanyadira, ndikuuzeni. Wamkulu wawo, a Rabha, mayi wathupi ndiponso wosapsatira mawu, anagogoda pagalasi.

"Bwana, tsegulani buti. Ulendo uno sitikupempha."

Ufa ndi mbatata zinalowa m'buti. Amayi anathithikana kumbuyo, nkhosa ili pamiyendo, matope ali thoo pamipando yoyera ija. A Rabha anamuuza kuti aponde moto pang'onopang'ono ngati akuponda dzira. Matayala anagwira, galimoto inachoka kuphompho n'kuyamba kukwera. Njira yonse ankamunyogodola. Wina anafunsa ngati kompyuta yakeyo imadziwanso kukanda buledi. Wina anati nkhosa ikupepesa pa zimene yangochita kumene pampando. Bassou ankangoti inde amayi, inde amayi.

Chodabwitsa, onse anati atsikira pakhomo pa a Haddou. Apa m'pamene mutu wa Bassou unaima: a Rabha anali azakhali ake a Itto, ndipo ufa ndi nkhosa zija zinali za phwando lake lomwe.

A Haddou ataona galimoto yodzaza ndi anthu anakondwa, nati mkamwini wotere ndi amene ankamufuna. Koma Itto, amene anaima pakhomo, anaona matope atawazika pamkanjo wa azakhali ake kuchokera kumapazi mpaka paphewa.

"Azakhali, munthuyu anaima mwa kufuna kwake?"

"Linamuimitsa ndi phiri, mwananga."

Palibe amene anamukalipira Bassou. Anamulowetsa m'nyumba, anamuthirira tiyi, anadya nyama ya nkhosa yomwe ija mpaka kukhuta, chifukwa kwathu mlendo sachititsidwa manyazi pachakudya. Itto anangoitanira bambo ake kuchipinda n'kulankhula nawo mwachidule.

Potsanzikana, a Haddou ananyamula okha mitu ya shuga ija, n'kuisanja bwinobwino m'buti mwa Bassou.

"Muziyenda nayo kumbuyoku, bambo. Galimoto yanuyi imafuna cholemera."

Bassou anatsika phiri, amalume ake atakhala kumbuyo ndi mkanjo wawo wonyowa uja. Galimoto siinatererekenso, koma Itto anatsala.

Phunziro: Mawu a akuluakulu akoma akagonera. Munthu amene ukumudutsa panjira poopa kuti akudetsera mpando, ndi yemweyo amene adzakuchotse kuphompho, ndipo ndi yemweyonso amene adzafunsidwe za khalidwe lako. Mpando umachapika, mbiri siichapika. Musaisunge nkhaniyi m'foni mwanu, itumizeni kwa anzanu, makamaka aja angogula kumene galimoto.