Makandulo Atatu Pawindo

Lachisanu m'mawa, pa 27 Disembala 2024, munthu wina anajambula chizindikiro cha Anazi, gulu lodana ndi Ayuda, pachitseko cha Natalio Grinszpan ku Villa Crespo, mu Buenos Aires. Utoto wake unali wakuda. Apolisi anabwera, anatola chithunzi, n'kumapita.

Madzulo a tsikulo anali achitatu a chikondwerero cha Ayuda cha Hanuka. Natalio anaika choikapo makandulo pawindo loyang'ana kumsewu, monga amachitira chaka ndi chaka, kuti odutsa aone.

"Ababa, ikani patebulo," anatero Débora, mwana wake. "Mulungu amaona ngakhale kukhitchini."

"Mulungu amaona, inde. Koma lamulo limanena za anthu a mumsewu."

"Anthu a mumsewuwo ationa kale. Chitsekocho simunachione?"

Panatsala mphindi khumi kuti Sabata iyambe. Ikayamba, m'nyumbamo palibe akanazimitsa moto kapena kusuntha choikapocho mpaka Loweruka nyenyezi zitatuluka.

"Mukayatsa, basi, sitichotsanso," anatero Débora.

"Ndikudziwa. Anakuphunzitsa zimenezo ndani?"

Machesi awiri anathyokera m'zala za bamboyo. Débora analanda bokosi, anayatsa kandulo yoyatsira zinzake, n'kupatsa bambo ake.

"Kuuma mutu ngati bulu."

"Unatengera ine."

Natalio ananena dalitso, mawu osakwera, osatsika. Anayatsa makandulo atatu. Débora anati "Ameni," maso ali kumsewu.

Tsidya la msewu bambo wina anaima, anatulutsa foni, n'kuiloza kuwindo. Onse awiri sankamudziwa.